Chiphaso cha mowa chili ndi tsiku lotha, tikhalepo tsiku limenelo

Amayi ndi atsikana a patsamba lino, ambiri munapempha kuti tiike mawu amene mmodzi wa amayi athu analankhula pa msonkhano wa amayi ku Dedza, m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza. Nawa, monga momwe analankhulira. Werengani mpaka kumapeto, muwerengerenso anzanu amene alibe foni.

Zikomo amayi apampando. Mafumu athu amene mwakhala nafe, ndakulonjerani ndi ulemu wonse. A khansala, tathokoza kuti mwabwera, ndipo musanyamuke msanga chifukwa nkhani ya lero ndi yanu. Amayi anzanga ochokera ku Bembeke, ku Lobi, ku Mayani, ku Linthipe, ku Chimbiya ndi pa boma pano, muli bwanji nonse?

Ine si loya, si nesi, si wa ku boma. Ndimalima kachewere ndi nyemba, ndipo Lachinayi masana ndimasunga buku la banki m'khonde. Koma lero ndikufuna tikambe za pepala limodzi lomwe ambirife timaliona pakhoma koma sitinaliwerengepo. Pepala lake ndi chiphaso chogulitsira mowa, ena amati layisensi.

Ndiyambe ndi za kwathu. Mng'ono wanga, wa bere limodzi, ali ndi dimba labwino. Malowo ndi a amayi athu, bambo wa ana ake ndi mkamwini, monga mwa mwambo wa kuno. Chaka chatha anakumba kachewere, matumba anakwera ngolo kupita kumsewu wa M1. Wothirira m'bandakucha, kuzizira kwa Juni kukuluma zala, anali mng'ono wanga. Wokalandira ndalama kwa mavenda anali bambo. Pakati pa msewu ndi nyumba pali kagolosale. Ndalama ya feteleza inathera pamenepo m'masiku anayi. Atafunsa, yankho lake linali chibakera. Mpaka lero dzino la kumaso alibe.

Ndisaname, zimenezo ndinangodandaula nazo monga timachitira tonse, kenako n'kuti ndi za m'banja. Chimene chinandidzutsa ndi mwana wawo wa Sitandade 7. Tsiku lina ndikuchapa yunifolomu yake ndinapeza kabotolo ka pulasitiki m'thumba la kabudula, kakununkha. Nditamukhazika pansi anaulula. Anagula pawindo lomwelo pomwe amagula pensulo ndi mandasi popita kusukulu.

Ndinamanga chitenje, ulendo kwa mwini golosale. Ndinalankhula mwaulemu, ndinati achimwene, mwana uyu sanakwane ndi zaka 14 zomwe. Iye sanatekeseke n'komwe. Anangoloza pakhoma, pepala lili mufelemu, n'kunena kuti: "Mayi, ine ndili ndi chiphaso cha khonsolo. Ngati muli ndi nkhani, pitani komweko." Anthu amene anali pabenchi anaseka.

Amayi anzanga, ine sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma kuwerenga ndimatha. Ndinayandikira pepala lija, n'kuliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Panali dzina lake, panali chidindo, panali siginecha. Ndipo pansi pake panali tsiku. Tsiku lakuti chiphasochi chidzatha mphamvu.

Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza za tsiku limenelo. Kani chinthuchi si chamuyaya? Kani munthuyu amabwerera ku khonsolo kukapempha kuti am'patse china? Nanga akamapita kukapempha, ndani amafunsa ife oyandikana naye ngati wakhala akugulitsa bwino? Kuyambira pomwe ndinabadwa sindinamvepo mayi wa m'mudzi mwathu atafunsidwa. Nanu munafunsidwapo? Kwezani dzanja amene munafunsidwapo. Mwaona, palibe.

Tsono mundilole ndifotokoze zimene ndaphunzira nditayamba kufunsafunsa, paja safunsa anadya phula.

Dziko lino lili ndi lamulo la mowa, Liquor Act, la chaka cha 1979. Lamuloli limati munthu asagulitse mowa popanda chiphaso, ndipo ziphasozo zimatuluka kudzera ku makhonsolo. Limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Malamulo amaikanso nthawi yotsegulira ndi yotsekera molingana ndi mtundu wa chiphaso. Chiphaso cha bala, pomwe anthu amakhala n'kumamwera pomwepo, n'chosiyana ndi cha malo ogula n'kunyamula. Ndipo chiphaso cha golosale wamba, chogulitsira sopo ndi mchere, si chiphaso cha mowa ayi. Ena amapachika cha sopocho n'kumatiopseza nacho. Muziwerenga.

Palinso lamulo la maboma ang'ono la 1998. Limeneli linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo awoawo oyendetsera dera, komanso yotolera ndalama za m'misika ndi za ziphaso. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Khonsolo imafuna ndalama kuti isese msika, ikonze zimbudzi, ilipire antchito. Chiphaso chilichonse chotuluka ndi ndalama yolowa. Ine sindikunena kuti wina waba ayi. Ndikunena kuti ngati pa tebulo la wopereka chiphaso pali lisiti lokha la ndalama, popanda kalata ngakhale imodzi yochokera kwa anthu oyandikana ndi malowo, iye adinda basi. Adzadziwa bwanji za kabotolo ka m'thumba la yunifolomu? Wogulitsa akadzinenera yekha?

Ndiye akamati khonsolo ikuunikanso ziphaso za mowa, tifunse kuti akuunika chiyani. Ngati akungoona amene walipira ndi amene sanalipire, kumeneko ndi kutolera msonkho. Kuunika kwenikweni ndi kufunsa kuti: malowa ali patali bwanji ndi sukulu? Amatsegula nthawi yanji, amatseka nthawi yanji? Ana amagula? Atsikana amene akutumikira mkatimo ali ndi zaka zingati? Zimene zili pashelefu zili ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, kapena ndi zongothira m'mabotolo kuseri? Pali chimbudzi, kapena makasitomala amakodzera kumpanda kwa oyandikana nawo? Mayankho a mafunso amenewa sali mu ofesi. Ali ndi ife, amene timadutsa pamenepo popita kumjigo m'mawa ndi pobwera kuchigayo madzulo.

Wina anena kuti aaa, mowa unayamba kalekale, agogo athu ankamwa. Zoona. Masese analipo pa chikumbutso, pa dima, pa ukwati. Ngakhale dzina loti kachasu linachokera kwa Apwitikizi a tsidya linali, amene mowa wawo wotcheza amautcha cachaça. Koma agogo athu sankamwa mowa waukali 6 koloko m'mawa pa mtengo wa chitumbuwa, ndipo mwana sankayandikira chipanda. Kumbukirani masacheti. Ana ankalowa nawo m'kalasi ali m'sokosi. Aphunzitsi analira, azipembedzo analira, amayi tinalira, mpaka mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti. Makampani anathamangira kukhoti, koma pamapeto pake masacheti anachoka. Chinabwera m'malo mwake n'chiyani? Timabotolo ta pulasitiki tija timati midoli, ndi zigubu zomwe amapungulira pa kapu, kuti ngakhale wa ndalama yachitsulo amweko. Chasintha ndi chovala, chilombo n'chomwe chija. Mu 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya mowa, yolembedwa bwino ndithu. Koma ndondomeko siyenda yokha kuchoka ku Lilongwe kudzafika pa Kanyama. Mu 2024 tinamva za anthu amene anamwalira ku Manase mu mzinda wa Blantyre atamwa mowa umene eni ake omwe anautcha "ambuye n'tengeni". Ife kuno tili m'malire. Kungodumpha msewu uli ku Mozambique, ndipo njira za njinga zolowera ku Angonia n'zambiri kuposa chipata cha pa boda. Tisadikire maliro kuti tifunse zimene zili pashelefu.

Ndipo tisachite manyazi kunena kuti nkhani ya mowa ndi nkhani ya ufulu wa amayi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse amene anakwatiwapo anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Anapezanso kuti nkhanzazi n'zochuluka kwambiri m'mabanja momwe bambo amaledzera kawirikawiri. Mundimvetse bwino apa. Botolo silimenya munthu, womenya ndi munthu. Alipo abambo osalawa n'komwe koma ankhanza zedi, ndipo "ndinaledzera" si chifukwa chokhululukira munthu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinapatule woledzera. Koma tonse tikudziwa kuti ndalama ya kachewere ikamatuluka, maso otupa amachuluka pa sikelo ya ana. Kutseka golosale imodzi sikuthetsa nkhanza. Koma pakati pa malo otseka nthawi yake ndi malo ochezera usiku wonse pa ngongole, kusiyana kwake amakudziwa ndi mayi amene amagona khutu lili kuchitseko.

Tsopano ndifike pa mbali yovuta, ndipo ena simukondwa nane. Walira mvula walira matope. Tikamafuula kuti khonsolo ichitepo kanthu, tidziwe kumene chikwapu chimakonda kugwera.

Mu holo muno muli amayi amene amatcheza kachasu. Sindikulozani, koma tikudziwana. Muli amayi amasiye amene analipira fizi ya ana mpaka Fomu 4 ndi mbiya ya masese. Azakhali anga anali mmodzi wa iwo, ndipo yunifolomu yanga yoyamba inagulidwa ndi ndalama imeneyo. Akuluakulu akalamula kuti "tikonze dera", galimoto siyambira pa bala ya munthu wodziwika amene amadya ndi mabwana. Imayambira pa mayi wa m'mudzi, kumuswera mbiya, kumulanda mipaipi. Imayambira pa atsikana a m'mabala ndi m'malo ogona alendo.

Izi si zongopeka, zinachitika pa Dedza pompano. Mu February 2016 apolisi anagwira amayi 19 pa boma pano, n'kuwatengera kukhoti pa mlandu woti amadya ndalama za uhule. Anawapeza olakwa, anawalipiritsa. Mu September chaka chomwecho khoti lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, linafafaniza chigamulocho. Linati gawo la lamulo limene anawazengera lija cholinga chake ndi kuteteza amayi otere kwa anthu owadyera masuku pamutu, osati kuwamanga iwowo. Taganizani, amayi 19. Eni malo amene ankalandira ndalama za zipinda, ndi abambo amene ankalowa m'zipindamo, munamva kuti anaima m'bokosi? Mu 2017 khoti lalikulu linathetsanso gawo lina la lamulo la vakabu, lomwe ankagwirira anthu osauka chifukwa chongopezeka panja usiku. Milandu iwiriyi itiphunzitse kuti "kusesa" kopanda maso kumasesa amphawi.

Choncho pempho lathu likhale lolunjika. Chiphaso chili ndi dzina la munthu. Amene dzina lake lili pa pepala ndiye ayankhe. Mwana akagula mowa, afunsidwe mwini chiphaso. Mtsikana wa zaka 15 akapezeka akutumikira mu bala, iye ndi mwana wofunika chitetezo pansi pa lamulo la ana la 2010, wolakwa ndi amene anamulemba ntchito. Ndipo inu amayi anzanga otcheza, tikukutetezani, koma nanunso mutiteteze. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Musagulitse kwa ana. Musalandire feteleza, mbewu kapena ndowa ya chimanga ngati malipiro a mowa, mukudziwa bwino kuti zachoka m'nyumba ya mayi mnzanu iye asakudziwa. Musathiremo zinthu zachilendo kuti ukhale waukali. Tikagwirizana zimenezi patokha pamaso pa mafumu, tidzalowa ku khonsolo mitu ili m'mwamba.

Nanga tichite chiyani? Ndili ndi zinthu zisanu, gwirani pa zala.

Choyamba, kope. Gulu lililonse la banki m'khonde, la mpingo kapena la mzikiti ligule kope limodzi. Timadziwa kale kulemba masheya ndi chiwongoladzanja, izi sizingatikanike. Lembani tsiku, nthawi, malo ndi zimene mwaona ndi maso anu. "Lolemba, 6:30 m'mawa, malo akuti anali otsegula, ana awiri a yunifolomu anagula." Basi. Musalembe mayina a ana, musalembe mphekesera, musalembe chifukwa choti munayambana ndi mkazi wa mwini malo. Bodza limodzi lidzagwetsa zoona makumi awiri.

Chachiwiri, werengani pepala la pakhoma. Ndi la mowa kapena la golosale? Dzina ndi la yemwe akugulitsayo? Likutha liti? Pitani awiri kapena atatu, masana, mwaulemu. Osapita wekha, osapita usiku, osakangana ndi oledzera.

Chachitatu, kalata. Tsiku lotha chiphaso lisanafike, lembani kalata kwa bwanamkubwa, ina kwa khansala, ina kwa a T/A, kaya ndi a Kachere, a Kaphuka, a Kasumbu, a Kamenyagwaza kapena ena. Idutsenso ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera, VDC ndi ADC, kuti ilowe m'maminitsi. Musainire ambiri, wosatha kulemba adinde chala. Mukakapereka, pemphani kuti akudindireni pa kalata yanu yotsala. Mawu apakamwa amauluka ndi mphepo ya pa phiri la Dedza, chidindo sichiuluka.

Chachinayi, funsani mndandanda. Kuyambira mu September 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma likugwira ntchito. Tili ndi ufulu wopempha kuti atiuze malo angati m'dera lathu ali ndi ziphaso za mowa, ndi malamulo ati a khonsolo amene amawayendetsa. Tikaupeza mndandandawo, tiyende nawo pa tawuni yathu tikuwerenga zitseko. Kusiyana kwa pepala ndi zimene tione ndi maso, imeneyo ndiye nkhani yokatula ku khonsolo.

Chachisanu, pa nkhani ya kumenyedwa musadikire chiphaso. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, kuchipatala amalemba lipoti, kukhoti la majisitireti mungapemphe chikalata chokutetezani. Mng'ono wanga anachedwa chifukwa ine mkulu wake ndinati ndi za m'banja. Mlandu umenewo ndi wanga, ndimausenza.

A khansala, tsopano ndi inu. Dziko lino linakhalapo opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo tinaona kuwawa kwa kusowa pokadandaula. Tinakusankhani kuti mpando umenewo usakhale wopanda munthu. Sitikupempha kuti mutseke malo onse a mowa. Tikudziwa kuti anthu amapezerapo mchere, nayonso khonsolo imapezerapo. Tikupempha zitatu. Nthawi yopereka ziphaso zatsopano ikamayandikira, mulengeze pa msika, pa tchalitchi, pa mzikiti ndi pa wailesi, monga mumalengezera za katemera. Makalata a anthu oyandikana ndi malowo awerengedwe chidindo chisanagwe. Ndipo amene wapezeka akugulitsa kwa ana kapena kulemba ntchito ana, chiphaso chake chisatuluke, kaya ndi wachibale wa ndani.

Mafumu athu, inu mumakhala nawo m'khonsolo. Voti mulibe, koma mawu anu ndi olemera. Boma lino lomwe linatulutsa malemu Senior Chief Theresa Kachindamoto a ku Mtakataka, amene anathetsa maukwati a ana mazanamazana mpaka dziko lonse lapansi linamva dzina la Dedza. Sanadikire lamulo latsopano kuchokera ku nyumba ya malamulo. Anakhazika pansi mafumu awo, anagwirizana, anasainirana, ndipo mfumu yophwanya pangano ankaiimitsa. Anaikanso amayi oti azikhala maso ndi makutu m'midzi. Zimene zinatheka kunyanja zingakanike kumapiri kuno?

Abambo amene mwabwera, ngakhale muli ochepa, zikomo. Sitikulimbana ndi inu. Mnyamata wa kabaza amene wagwa ndi njinga pa Bembeke ataledzera m'mawa ndi mwana wathu. Bambo amene chiwindi chatupa ali ndi zaka 40 ndi mlongo wathu. Timawadwazika ndife, timawalira ndife.

Ndimalize ndi golosale ija. Sinatsekedwe, ndisakunamizeni. Tinalemba kope miyezi itatu, amayi 11 tinasaina kalata, a nyakwawa anadinda. Yankho la ku ofesi tikuliyembekezabe. Koma mwini wake anamva kuti kuli kope. Masiku ano mwana wa yunifolomu akafika pawindo amamubweza, ndipo ine ndikamadutsa pabenchi paja saseka. N'zochepa, koma chaka chatha tinalibe ndi zimenezo zomwe. Mwana uja ali Sitandade 8, akukonzekera mayeso. Mng'ono wanga chaka chino ndalama ya kachewere anakalandira yekha, ine ndili pambali pake.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe, amayi anzanga. Mukamatuluka muno, gulu lililonse lisankhe wosunga kope, mutipatse dzina lake pakhomo. Tikakumananso mwezi wamawa, aliyense abwere ndi tsiku limene waliwerenga pakhoma la kwawo.